Bokosi Lomwe Linanama

Mota ya pafakitale yocheka matabwa inayaka moto Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Bambo woyendetsa makinawo anathamangira kukazimitsa, manja onse awiri n'kupsa mpaka khungu kusendeka.

Pofika masana apolisi anali atamupeza mayi injiniya, yemwe anapanga bokosi loteteza motayo.

"Mayi, bokosi lanu limayenera kudula magetsi mota ikalemedwa," anatero wapolisi wofufuza. "Silinadule. Mota ikufuka utsi, ilo limangoonetsa 40 pagalasi. Mlandu ndi wanu."

"Ndipatseni ola limodzi ndi bokosilo. Likakhala vuto langa, mundimange."

Bokosilo linali pakhoma la kachipinda ka masiwichi, moto sunafikeko. Mayiyo analimasula wapolisi ali pambali pake, n'kuyamba kumulozera.

"Kamphete aka kovala pawaya wa mota ndi kathiransifoma. Kamamva mphamvu yomwe mota ikukoka, koma mawu ake ndi ofooka. Kachipi aka, opu-ampu, kamawakuza. Aka ndi ADC, kamawasandutsa manambala. Nambala ikadutsa 60, magetsi amaduka."

Anayeza kathiransifoma, kanali bwinobwino. ADC nayo inalibe mlandu. Koma opu-ampu inkangokuza theka la mmene anaitchera. Ndiye kuti mota inkakoka 80, bokosi n'kumati 40. Anatembenuza bolodi lomwe panamatidwa tizipangizoto.

Asa! Pomwe panali rezisita yake, kachipangizo kokhazikitsa kakuzidweko, panali ina yachilendo. Mtovu wake anachita kuunjika ngati chitosi cha nkhuku, m'mbali monse mutabiriwira. Kubiriwira kumeneko kunali kwa asidi. Ndani wanzeru zake amawotcherera bolodi ndi asidi? Asidi ndi wa anthu omata maladiyeta a galimoto.

Ndipo munthu wa ntchito imeneyo ankamudziwa. Kapitawo wa pafakitalepo, mkulu wake wa mwamuna wake, anamata maladiyeta zaka khumi asanalowe za matabwa. Mwezi wathunthu ankadandaula kuti bokosi likumuchedwetsa, limangodula magetsi akalowetsa zipika zaziwisi ziwiriziwiri. Lamulungu lina, akucheza pakhonde, anafunsa mokoma, "Mlamu, kodi chimakuza mawuwo n'chiti?" Iye, kupusa kwake, anatenga pepala n'kumujambulira zonse, akunyadira kuti pabanjapo wina wachita chidwi ndi ntchito yake.

Chitseko chinatseguka. Anali mwamuna wake, thukuta lili kamukamu. Anapempha wapolisi kuti alankhule ndi mkazi wake panja.

"Achimwene andiuza zonse," ananong'ona. "Ingonenani kuti kachipangizoko kanafa kokha."

"Ndikatero amanga ine."

"Inu sangakusungeni nthawi yaitali, ndinu mayi. Achimwene ali ndi ana asanu."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Zaka khumi ndi ziwiri akumuchapira malaya munthu ameneyu! Za bambo wopsa manja uja sanatchule n'komwe. Anangobwerera m'kachipinda muja.

"Bwana, katseguleni loka ya a kapitawo," anauza wapolisi uja.

Itakwana 3 koloko apolisi anaitsegula kabati yosungiramo katunduyo, antchito onse akuonerera. Munali kabotolo ka asidi, chowotcherera chachikulu cha maladiyeta, ndi bokosi la machesi. M'bokosi la machesimo munagona rezisita ya mayiyo, miyendo itapindika. Mkuluyo anaisunga kuti adzaibwezeretse tsiku lomwe oyendera fakitale adzabwere.

"Ndimangofuna ntchito iziyenda," anatero kapitawo. "Sindimadziwa kuti ipsa."

"Munachotsa mlonda pakhomo, ndiye mukudabwa chiyani?" anatero wapolisi, akumuveka unyolo.

Pomutulutsa, kapitawoyo anacheuka. "Mlamu, zoona mwandipereka?"

Mayiyo anapitiriza kulongedza zida zake m'chikwama. Manyazi a munthuyo anachita kumugwira iyeyo.

Galimoto ya apolisi itatuluka pageti, mwamuna wake anamuyandikira, maso ali psuu.

"Ndiye amayi athu ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze zoona," anatero mayiyo, akukoleka chikwama paphewa. "Kuti inu munasankha kuti m'galimoto muja mukwere ine."