Boti la Mateus Linkayenda Pamtunda

Lemba monga ndikunenera, usandikonzere mawu.

Mateus anafika kuno ku Malindi nthawi ija anthu a ku Mozambiki ankathawa nkhondo. Anakoka makoka a eni ake zaka zitatu, mpaka anagula boti lakelake, lakale, lobooka pansi. Kunatsala sabata imodzi kuti nyanja aitsegule, ndipo Jeremiya, mkulu wa anyamata opalasa, anamuuziratu: "Likapanda kuyandama tsiku lotsegulalo, bwana, ife tikwera la wina."

Matabwa anasowa. Koma kuseri kwa mzikiti Mateus anaona awiri, aatali, osalala bwino, ali mu udzu. Pokhala munthu wa tchalitchi, mlendonso, iye anangoti ngotaya. Anawakhomera pansi pa boti, namata phula.

Kutacha, boti silinali pamalo pake. Linali kumtunda, mapazi ngati makumi awiri, koma pamchenga panalibe mzere woti lakokedwa, ngakhale phazi la munthu.

"Ansanje awa," anatero Mateus. "Sandidziwa."

Analibweza, nalimangirira kumtengo. M'mawa anapeza chingwe chomasula, chopindidwa bwinobwino, boti litapitirira poyanika usipa. Azimayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti usiku anamva mapazi ambiri akukhwekhwereza, agalu ali zii.

Usiku wachitatu anagona m'botimo, chikwanje pambali, atafunda nsalu mpaka kumutu chifukwa cha udzudzu. Mwezi utalowa, mafunde analeka kumveka. Ndiye boti linanyamuka, pang'onopang'ono, mosamala. Linkapendekera uku, kenako uku, monga anthu akulandizana katundu pamapewa. Pansi pake anamva kupuma, ndi mawu otsika a amuna ambiri akubwereza chinthu chimodzimodzi. Anati akuwe, lilime linakana. Anati agwire chikwanje, mikono inangoti gwa m'mbali mwake.

Anayenda naye, anayenda naye. Mpaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya m'bandakucha, ndipo anamutula pansi osagwedeza.

Atavundukula nsalu, anaona mitengo ya kumanda, apa pomwe.

Che Atumani, mmisiri wa maboti, anamupeza pamenepo pochokera koswali. Anagogoda matabwa aja ndi chala.

"Achimwene, awa mwawatenga kuti?"

"Kuseri kwa mzikiti. Anali otaya."

"Otaya! Ili ndi jeneza lathu lakale, lonyamulira maliro. Njira yake ndi imodzi basi." Anatsitsa mawu. "Masiku awiri aja olinyamulawo ankalitula msanga poona kuti mulibe munthu. Dzulo munagonamo."

Mateus anazula matabwawo pomwepo, nawabweza atawasenza pamutu. Che Atumani anamupatsa ena a mlombwa, ndipo tsiku lotsegula boti linayandama, Jeremiya ali kutsogolo.

Wapha nalo nsomba zaka zambiri. Koma pakati pa nyanja anzake akagona m'botimo podikira makoka, iye amakhala tsonga mpaka kuche.