Katoni Yopanda Sopo

Ku Salford kuno, mukafunsa za banja la a Kenani ndi akazi awo a Eneless, aliyense wa kumpingo kwathu akuuzani kuti ndi khomo la mtendere. Bambo ankakankha mabedi a odwala kuchipatala, mayi ankasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo viza ya banja lonse inadalira ntchito ya mayiyo. Mwana anali mmodzi, Mtisunge, namwali wa mawu okoma mukwaya. Koma maso akewo, abale, sankakhazikika akaona cha mwini.

Atamaliza sukulu, mayi ake anamupezera ntchito kukampani yawo yomweyo.

"Ndakupempherera malo ndi dzina langa," anatero a Eneless. "M'nyumba ya munthu, chilichonse uchisiye pomwe wachipeza."

"Mami, inunso! Ndine mwana ngati?"

Anamutumiza ku Manchester kwa Mayi Annette, gogo wachizungu amene maso awo anali atachita mdima. Pabalaza, pamalo paulemu pomwe ife timaika chithunzi cha ukwati, panali makatoni atatu a sopo wochapira, ofiira, osanjikizana. Mtisunge anafuna kukawataya. Atagwira yapamwamba anadabwa kuti ndi ya matabwa.

"Isiye pomwepo!" anakuwa gogoyo, kenako anaseka. "Si iwe woyamba. Anawapanga mmisiri wina wa ku Leeds ine ndili mtsikana. Anakhoma matabwa n'kuwapenta kuti afanane ndendende ndi katoni ya musitolo. Ankati zinthu zomwe timagula n'kutaya nazonso ndi zoti tiziime n'kuziyang'ana. Anthu anamuseka. Ena mwa makatoniwo munthu wosesa anawaponya pamoto poyesa zinyalala. Ine ndi malemu mwamuna wanga tinagula atatuwa tisanagule n'komwe bedi. Lero a nyumba zoonetsera zaluso sandipatsa mpata ndi mafoni."

Mtisunge anangoti azungu ali ndi misala yawo.

Kuba kunayamba ngati masewera. Lero mabisiketi, mawa kabotolo ka mafuta onunkhira, mkuja sikafu ya silika. Gogo wosaona adziwa bwanji? A Kenani ndiwo anaiona sikafuyo pakhosi pa mwana wawo.

"Imeneyi wagula kuti?"

"Anandipatsa, adadi."

"Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati si mphatso, ibwerere."

Sinabwerere. M'malo mwake Mtisunge anakafotokoza nkhani ya makatoni kwa Lazarus, mnyamata wa pakamwa pa uchi yemwe ankagulitsa zinthu pa intaneti, zina zosadziwika kochokera.

"Iwe ndiwe wogona eti?" anatero Lazarus ali pa siteji ya basi. "Ukupukuta chuma tsiku lililonse uli ndi nsapato zong'ambikazi? Tenga imodzi, uikepo katoni wamba yofanana kukula. Wogula ndimupeza ine."

"Nanga akadziwa?"

"Ndi maso ati?"

Nthawi imeneyo Khirisimasi inali pafupi, ndipo mukudziwa mmene timachitira ife kuno. Nyumba ya a Kenani inali itadzaza makatoni a katundu wotumiza kumudzi: zovala, nsapato, mabulangete, zonse zokulunga m'mapepala akuda apulasitiki n'kumata tepi. Mtisunge anatengapo katoni yopanda kanthu, n'kukaisanjika pamwamba pa makatoni awiri otsalawo Mayi Annette ali m'tulo ta masana. Ya matabwa anaitulutsa m'chikwama cha zochapa. Kunyumba anaikulunga m'pepala lakuda, n'kuimata tepi, n'kuibisa pakati pa katundu wa makolo ake, kudikira Lazarus. Anadziona wochenjera kwabasi.

Loweruka atabwerako kokonzekera nyimbo, anapeza pakhonde pali mbee.

"Mami, makatoni ali kuti?"

"Vani yabwera, yatenga onse. Kontena yonyamula katundu wakumudzi atseka Lolemba ku Rotherham. Panali ina yopanda dzina, ndayesa ndi ya bambo ako, ndangolembapo dzina la agogo ako ku Dedza."

Mtisunge anathamangira kuchipinda kukaimbira Lazarus.

"Ku Dedza?" Lazarus anaseka mpaka kutsokomola. "Zako zimenezo, achemwali. Ine sindikudziwapo kanthu." Anadula foni, ndipo sinalowenso.

Madzulo omwewo foni ya Mtisunge inalira. Anali Mayi Annette, mawu ali phee.

"Mtisunge, maso ndilibe koma manja ndili nawo. Chimene chili pamwambachi ndi pepala. M'nyumba muno mumalowa iwe wekha. Lolemba masana kukubwera anthu odzatenga makatoniwa, ndawapereka kuti aliyense aziwaona. Akadzapeza awiri, ndidzauza kampani yanu ndi apolisi."

Apa ndiye Mtisunge anaona chimene anachita. Kampani ikamva, idzafunsa kuti anamubweretsa ndani. Ntchito ya mayi ake ikatha, viza yatha, banja lonse likwera ndege ndi manyazi. Lamulungu kutchalitchi sanathe kuyimba. Atafika kunyumba anagwada pamaso pa makolo ake n'kuulula zonse, kuyambira mabisiketi.

A Eneless anakhala pansi, manja kumutu. "Watipha, mwana iwe! Ine kutawasa makolo a eni okalamba zaka zonsezi, iwe n'kudzagwetsa zonse chifukwa cha katoni yopanda ngakhale sopo!"

A Kenani anaimirira. Kenako anati, "Kulira sikutsegula kontena. Mawa tilawirira."

Ku Rotherham anapeza kontena itatsala pang'ono kudzaza. Mwini malowo, a Chomba a ku Zambia, anapukusa mutu.

"Katundu wanu ali mkati mwenimweni, bambo. Kuti titulutse ndiye kupasula zonse."

"Apasula ndi uyu," anatero a Kenani, akuloza mwana wawo.

Mtisunge ananyamula katundu wa anthu mpaka zikhadabo kuthyoka, anthu obweretsa katundu wawo akumuyang'ana ndi kufunsana. Palibe anamuteteza ku manyaziwo. Pomaliza anaipeza, dzina la agogo ake lili pamwamba. Bambo ake sanamuthandize kunyamula. Anaifungatira yekha m'sitima mpaka ku Manchester.

Atalowa kwa Mayi Annette anagwada pansi, monga timachitira kwathu, n'kuika katoni ija, sikafu ndi kabotolo pamapazi pawo.

"Ndinaba ndine. Mayi anga sankadziwa chilichonse. Ndikhululukireni."

Gogoyo anapapasa matabwawo mbali zonse, misozi ikutsika. Pakona imodzi penti inali itasupuka.

"Chilonda ichi sichidzachoka," anatero. "Apolisi sindiwauza. Koma kukampani ukanene wekha, ndi pakamwa pako, lero lomwe. Sindingalole kuti akutumize kwa nkhalamba ina asakudziwa."

Mtisunge anakanena. Ntchito inamuthera pomwepo, ndipo yosamalira okalamba sadzaigwiranso msanga. Koma a Eneless, atafunsidwa mafunso ambirimbiri, anawasiya pantchito. Banja linapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Panapita miyezi Mtisunge akutsuka mbale mu lesitilanti, mutu uli pansi. Kenako Mayi Annette anatumiza uthenga kwa a Kenani. Makatoni aja anali atawaika kunyumba yoonetsera zaluso, ndipo gogoyo ankafuna munthu womukankha panjinga ya olumala, wokamuuza mmene akuonekera. Anatchula Mtisunge.

Anapita. Makatoni atatu anali pakati pa chipinda choyera, ana asukulu atawazungulira.

"Ndiuze zoona," anatero gogoyo. "Chilonda chija chikuoneka?"

Mtisunge akanatha kunama, pakuti ndani akanamutsutsa?

"Chikuoneka, mayi. Aliyense akuchiona."

Mayi Annette anamugwira dzanja n'kulifinya. "Tsopano ndikhoza kuyenda nawe."

Achinyamata inu, mwabwera kutali ndipo makolo anu akuyenda pa ulusi m'dziko la eni. Musatambasule dzanja pa chinthu chomwe si chanu, chikhale chachikulu kapena chooneka ngati chinyalala, pakuti wakuba sagwa yekha, amagwetsa ndi omubereka. Ndipo ngati mwatenga kale, bwezani lero, kontena isanatsekedwe.