Chotola Chili ndi Mwini

Tsiku limene anakumana, mtsikana wina wosoka zovala ankathamangira basi, mtolo wa nsalu uli kukhwapa. Foni yake inapulumuka m'thumba n'kugwera pansi, iye osadziwa. Atangokhala pampando, anamva wina akugogoda zenera.

"Achemwali! Mwataya ichi!"

Anali mnyamata wamtali, wa malaya ositidwa bwino, akupumira m'mwamba.

"Abale inu! Wina akanangoponya m'thumba," anatero mtsikanayo.

"Chotola chili ndi mwini," anayankha mnyamatayo. "Koma galasi lasweka. Ndimakonza mafoni kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Mukafunse Injiniya, aliyense akulozerani."

Mawu a chotola aja ndiwo anamugwetsa m'chikondi. Kodi masiku ano munthu wobweza chotola ungamupeze kuti?

Galasi linakonzedwa, Injiniya anakana malipiro, ndipo posakhalitsa mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji, Chotola changa? Foni ndinabweza, koma mwini wakeyo sindibweza ayi!"

Mkulu wake wa mtsikanayo, amene ankasoka naye m'shopu imodzi, ankangopukusa mutu.

"Iwe, ulusi unatha kalekale, ukungopalasa makina opanda kanthu. Chikondi chimenechi chitithawitsira makasitomala!"

Injiniya sankatopa kukamba za kiripito, ndalama zosagwirika ndi manja zimene zimayenda pa intaneti popanda banki. Anamutsegulira wokondedwa wake chikwama cha ndalamazo pa foni, ndi chiphaso cha mtsikanayo komanso nambala yake.

"Makasitomala akunja azidzakulipira pamenepa, ngenge yanga."

Chikwamacho chinakhala chopanda kanthu mpaka m'mawa wina pamene foni inalira iye akudula kolala. Atayang'ana, lumo linagwa. Munali mutalowa ndalama zokwanira kugula makina atsopano n'kudzaza shopu yonse ndi nsalu!

Asanapume n'komwe, foni inaitana. Anali mayi wachikulire, akulira.

"Mwanangu, pepa. Mnyamata wanga amagwira ntchito kunja. Amatumiza ndalama zoti bambo ake achitidwe opaleshoni, ndiye walakwitsa nambala, zalowa kwa iwe. Akuti ndalama zimenezi zikapita sizibwerera, pokhapokha wolandirayo atafuna yekha. Ndagwira mwendo wako."

"Musalire, amayi. Zibwera lero lomwe."

Popeza sankadziwa katumizidwe kake, anathamangira kwa Injiniya. Mnyamatayo ataona chiwerengerocho, maso ake anawala mwa mtundu umene mtsikanayo anali asanauonepo.

"Watola nkhwangwa ndi mpini womwe! Kuno kulibe banki, kulibe manejala. Waba? Ayi. Zabwera zokha!"

"Koma mwini wake ndikumudziwa, ndipo kuli wodwala. Si iwe unati chotola chili ndi mwini?"

Injiniya anaseka, namupsompsona pachipumi.

"Ndimangokuyesa, mtima wanga. Bweretsa foniyo."

Anadinadina mofulumira, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wopemphera.

"Zapita. Nambala ya mayiyo ndaitsekanso. Anthu otere amayamba n'kuthokoza, mawa lake ayamba kupempha."

Mawu omalizawo sanamukomere mtsikanayo, komabe anawameza. Ungakayikire bwanji munthu amene anathamangira basi chifukwa cha foni ya mlendo?

Loweruka lotsatira Injiniya anamutengera kumalo odyera a nsalu zoyera patebulo. Kumeneko anagwada, natulutsa mphete yonyezimira.

"Ndikulonjeza, Chotola changa, msozi wako sudzagwa pansi ine ndili moyo."

Mtsikanayo analira ndi chimwemwe. Mkulu wake ataiona mpheteyo, anaitembenuzatembenuza.

"Wokonza magalasi a foni kugula chinthu chotere? Kaya. Ine ndasoka pakamwa."

Chimwemwecho sichinakhalitse. Masana ena m'shopu munalowa mayi wowonda, maso ali psuu, limodzi ndi loya wamkazi. Anali atapeza nambala ija pa tsamba limene atsikanawo ankatsatsirapo zovala.

"Ndiwe unandilonjeza iwe?" anafunsa mayiyo. "Mwamuna wanga amubweza kuchipatala. Ali gone kunyumba, ngakhale madzi sakumeza bwino. Iwe uli pano ndi mphete!"

"Koma tinabweza, amayi! Tsiku lomwelo!"

"Tsegulani foni yanu muone kumene zinapita," anatero loyayo mosakweza mawu.

Zinalidi zitatuluka tsiku lomwelo, koma osati kupita kwa mayiyo. Zinalowa m'chikwama china.

"Achemwali, kulandira ndalama molakwika si mlandu," anapitiriza loyayo. "Koma kuzisunga kapena kuzidya mukudziwa kuti n'zamwini, khoti silisekerera, kaya zikhale za pepala kaya za pa intaneti. Chikwama chimene zinayamba kufikiramo chili m'dzina lanu. Woyankha ndinu."

Mtsikanayo anatseka foniyo. Dzina lake, limene analisunga loyera ngati diresi la ukwati, likamveke m'khoti ngati la wakuba ndalama za wodwala?

"Nditsateni," anatero. "Mukaime pakhomo, mumve nokha."

Anamupeza Injiniya atawerama pa benchi yake, akuwotcherera kawaya, foni yatsopano ili pambali.

"Ndalama za mayi uja zili kuti?"

Mnyamatayo sanadzidzimuke n'komwe.

"Aa, wadziwa? Ndachitira ife tonse, ngenge. Mphete ili pachala chakoyo ukuganiza inagwa kumwamba? Komanso mdalayo ndi wokalamba kale. Opaleshoni imuwonjezera masiku angati?"

Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa.

"Nanga akanditengera kukhoti?"

"Ungokana. Unene kuti foni inabedwa. Kulira umatha, akumvera chisoni."

"Ndiuze chinthu chimodzi chokha. Tsiku lija pa basi, foni yanga unabwezeranji?"

Apa Injiniya anaseka mpaka kuonetsa mano onse.

"Kafoni kachikalekale, kosweka galasi? Ndikanagulitsa kwa ndani? Ndinaona kuti mwini wakeyo ndiye wamtengo."

Kalanga ine! Chikondi chonse chija anachimanga pa kafoni kamene wakuba anakapeputsa! Anayang'ana milomo imene ankaipsompsona, malaya oyera aja, zala zaluso zija, ndipo zonsezo zinamunyansa ngati chakudya chogona m'dzala.

Anavula mpheteyo monga munthu amachotsera nkhupakupa pakhungu, natembenukira kukhomo kumene mayi uja ndi loya anali chilili.

"Amayi, yambirani apa. Igulitseni. Zotsalazo ali nazo bambo awa, ndipo umboni ndikapereka ndekha kulikonse kumene mungandiitane."

Chowotcherera chija chinagwa m'manja mwa Injiniya. Nkhope inasanduka phulusa.

"Ukundipereka? Chotola changa! Mtima wanga, tikambirane!"

"Bambo, munanena nokha tsiku loyamba lija," anatero mtsikanayo, misozi ikutsika koma mawu ali nganganga. "Chotolachi chili ndi mwini, ndipo mwini wakeyo si inu."

Atabwerera kushopu, mkulu wake anayang'ana chala chopanda mphetecho. Anangomusunthira nsalu ya kasitomala imene inkadikira. Mtsikanayo sanaikhudze. Anayamba wapita kumpope, natenga sopo, n'kutsuka chala chija mpaka chinafiira.