Nkhosa ya Kafupi Ikukana Kudya

Kafupi anali mtsikana wamng'ono. Dzina lake lenileni linalipo. Koma aliyense ankangoti Kafupi, chifukwa analidi wamfupi.

Kafupi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mnzake.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu. Kupitirira apo kunalibe nyumba ina. Kunali udzu, mitengo ndi mphepo basi. Achimwene ake anali kusukulu yogonera komweko.

Bambo ake anali kalipentala. Tsiku lonse ankakhoma matabwa m'shedi. Mayi ake anali telala. Tsiku lonse ankasoka pamakina.

"Amayi, tiyeni tisewere," Kafupi ankatero.

"Ndimalize kaye diresili, mwanangu."

"Ababa, tiyeni tisewere."

"Ndimalize kaye chitsekochi, mwanangu."

Diresi likatha, kunkabwera diresi lina. Chitseko chikatha, kunkabwera chitseko china.

Pakhomopo panali mbuzi. Koma mbuzi nazonso zinali zotanganidwa. Zinkatafuna mpanda. Zinkaba sopo. Zinalibe nthawi yocheza ndi mwana.

Tsiku lina amalume ake anabwera ndi nkhosa. Inali yoyera, ya makutu akuda.

"Iyi ndi yako, Kafupi," anatero amalume. "Uziisamala."

Kafupi anaigwira pamsana. Inali yofunda. Anaipatsa dzina loti Thonje.

Analowetsa Thonje m'khola la mbuzi. M'kholamo munali Tonde, mbuzi yamphongo ya ndevu zazitali. Tonde anayang'ana mlendoyo. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kenako anathamanga. Gu! Thonje anagwa.

"Muno sagonamo," anatero bambo.

Bambo anamanga khola lina kuseri kwa nyumba. Linali khola lokongola. Denga silinkadontha. Chitseko chinali cholimba. Munali bokosi la udzu ndi beseni la madzi.

"Muno mulibe womugunda," anatero bambo.

Zinali zoona. Munalibe womugunda. Munalibenso wina aliyense.

M'mawa Kafupi anadzaza bokosi ndi udzu. Kenako anapita kusukulu. Masana bambo anasuzumira m'kholamo. Udzu unali momwemo. Thonje anangoima pakona.

"Mbee," analira Thonje.

"Udzuwu ndi wouma," anatero bambo. Anakamweta wauwisi. Anauika m'bokosi n'kubwerera kushedi. Thonje sanadye.

"Akufuna mchere," anatero mayi. Anamuikira mchere woti anyambite. Anabwerera kumakina. Thonje sananyambite.

Bambo anamuyang'ana m'maso. Anamuyang'ana m'kamwa. Anamuyang'ana ziboda zonse.

"Sakudwala," anatero. "Wangonyanyala."

Masiku anapita. Thonje anayamba kuwonda. Nthiti zinayamba kuoneka.

"Akapitiriza chonchi afa," anatero bambo. "Loweruka ndikamubweza kwa amalume ako."

Kafupi anagwira dzanja la bambo ake.

"Koma ababa, Thonje amadya."

"Amadya liti?"

"Madzulo, ndikapita kukamuona."

"Nanga udzu ndimaupeza m'bokosiwu?" anafunsa bambo. "Amaubweza akadya?"

Kafupi anadabwa. Bambo sankanama. Iyenso sankanama. Nanga zinkatheka bwanji?

Madzulo Kafupi analowa m'khola. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi. Thonje anabwera. Anamununkhiza bondo. Kenako anayamba kudya.

Kafupi anadzuka. Anatuluka n'kuima pachitseko. Thonje anamuyang'ana. Anapitiriza kudya, koma pang'onopang'ono.

Kafupi anakabisala kuseri kwa mtengo. Thonje anadzutsa mutu. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Udzu unagwa kukamwa kwake.

"Mbee," analira Thonje. "Mbee."

Kafupi anabwerera. Thonje anadya.

Kafupi anabisala. Thonje anasiya.

Kafupi anabwereranso. Thonje anadyanso.

"Ndamva tsopano," anatero Kafupi chapansipansi. "Vuto si udzu. Vuto si mchere. Sufuna kudya wekha."

Thonje anangotafuna.

"Usachite manyazi," anatero Kafupi. "Ine ndikukumvetsa."

Anathamangira kwa mayi ake.

"Amayi, ndisiye sukulu. Ndizikhala ndi Thonje."

Mayi sanasiye n'kusoka komwe.

"Ndiye kusukulu tizitumizako nkhosayo?" anafunsa.

Basi, nzeru imeneyo inathera pomwepo.

Kafupi anaganiza nzeru ina. Anatenga diresi lake lakale. Analiveka ndodo. Pamwamba anaikapo chipewa. Anaimika ndodoyo m'khola, iye n'kukabisala.

Thonje ananunkhiza diresi. Ananunkhiza chipewa. Kenako anabwerera pakona pake.

"Mbee."

Kafupi anagwira nkhuku. Anaiika m'khola, iye n'kukabisala. Nkhuku inajompha pansi pang'ono. Kenako inadumphira pamwamba pa chitseko n'kuthawa. Nayonso inali yotanganidwa.

"Mbee."

Loweruka linayandikira. Kafupi analibenso nzeru ina. Anakakhala pamwala pafupi ndi khola la mbuzi. Anagwira tsaya. Ankangoyang'ana mbuzi zikudya.

Tonde anali patsogolo. Zinzake zinali pambali pake. Zinkakankhana. Zinkalimbirana masamba.

Koma mbuzi imodzi inaima patali. Inali yaikazi, yokalamba. Nyanga yake imodzi inali yothyoka. Ankaitchula kuti Mkota. Mkota akayandikira, Tonde ankamuthamangitsa. Mkota ankadikira. Ankadya zotsala, yekha, anzake atachoka.

Kafupi anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkota anali pakhomopo zaka zambiri. Koma Kafupi anali asanamuonepo bwinobwino.

"Mkota," anatero Kafupi, "tiye ukaone mlendo."

Mkota sanafune. Kafupi anakoka. Mkota anakana. Kafupi anamuonetsa tsamba. Mkota anatsatira.

Analowa m'khola la Thonje. Thonje anadzutsa makutu. Anayandikira bokosi la udzu. Mkota nayenso anayandikira. Mitu iwiri inakumana m'bokosi limodzi. Gu! Mkota anamugunda Thonje ndi nyanga yotsalayo.

"Iwenso, Mkota?" anatero Kafupi. "Waiwala kale mmene zimawawira?"

Mkota sanapepese. Mbuzi sizipepesa.

Kafupi anakhala pansi. Anaganiza. Anaganizanso. Kodi mbuzi imakonda kudya bwanji? Imatsomphola masamba m'mwamba. Imaima ndi miyendo iwiri. Nanga nkhosa? Nkhosa imadya udzu pansi. Imaweramitsa mutu.

Kafupi anakathyola nthambi za masamba. Anazimanga pamodzi. Anakwera pandowa, chifukwa analidi wamfupi. Anazipachika pakhoma, m'mwamba.

Mkota anaona masamba. Anaiwala bokosi. Anaima ndi miyendo iwiri n'kuyamba kudya m'mwamba. Thonje anamuyang'ana. Anayandikira pang'ono. Anayandikiranso. Kenako anaweramitsa mutu n'kuyamba kudya pansi.

Wina m'mwamba. Wina pansi. Panalibe cholimbirana.

Kafupi anatuluka mwakachetechete. Anakabisala kuseri kwa mtengo. Anadikira kuti amve kulira. Sanamve kanthu. Thonje sanadziwe n'komwe kuti Kafupi wachoka.

Kafupi anasangalala. Koma penapake mumtima panamuwawa pang'ono.

Loweruka m'mawa bambo anabwera ndi chingwe.

"Tiye ukatsanzike nkhosa yako," anatero.

"Ababa, dikirani kaye. Thonje akudya."

"Wayambiranso nkhani yako ija?"

"Bwerani mudzaone. Koma asakuoneni. Akakuonani, simudziwa zoona zake. Amayi, inunso bwerani."

"Ndimalize kaye..." anayamba mayi.

"Diresi silithawa, amayi. Koma Thonje akupita."

Mayi anayang'ana Kafupi. Anaimitsa makina.

Kafupi anaika udzu pansi. Anapachika masamba m'mwamba. Kenako onse atatu anakanjuta kuseri kwa khola. Pakati pa matabwa panali kampata kamodzi kokha. Anapanikizana. Bambo uku, mayi uku, Kafupi pakati.

Mkota ankadya m'mwamba. Thonje ankadya pansi. Tsamba lina linagwera pamsana pa Thonje. Mkota analitola. Thonje sanathawe.

"Taonani," ananong'ona mayi. "Akudya ngati wachokera ku ulendo."

"Ndiye vuto linali chiyani?" ananong'ona bambo.

"Khola lanu ndi labwino, ababa," anatero Kafupi. "Koma munalibe anthu."

"Mbuzi ndi munthu?"

"Kwa Thonje ndi munthu."

Bambo anayang'ana chingwe chili m'manja mwawo. Anachipinda bwinobwino. Anapatsa Kafupi.

"Uzimangira masamba," anatero. "Nkhosa sikupita kulikonse."

Kafupi anagwira chingwecho mwamphamvu.

"Miyendo yanga yachita dzanzi," anatero mayi.

"Chete, amake mwana," anatero bambo. "Atimva."

"Amene mukusokosa ndinu."

"Sendezani mutuwo, sindikuona."

"Kampata kake munakapanga ndinu, akalipentala."

Kafupi anaseka atagwira pakamwa. Dzuwa linkawawomba kumsana. Malaya a bambo ankanunkhira utuchi. Dzanja la mayi linali paphewa pake.

Pakampatapo, amene ankaona bwino anali Kafupi. Anaona kuti udzu watha. Anaona kuti Thonje wakhuta. Anali atagona pansi, mutu uli pafupi ndi Mkota.

"Wamaliza kudya?" anafunsa bambo.

Kafupi anasendera pakati pawo.

"Tidikirebe pang'ono," anatero.

Ndipo onse atatu anadikira.