Kamzere m'Bokosi la Ng'ombe

Mtembo wa Henrique unapezeka 6h40 Lachiwiri m'mawa, m'nyumba yosungiramo mbewu ya kachewere ya bungwe la alimi ku Ntengo-Wambalame, kumene ankagwira ntchito. Unali chafufumimba pakati pa matumba, bala lili kunkhongo. Namwino anati anafa Lolemba madzulo, cha m'ma 16h.

Inspetora Ernestina, amene anali atafufuza milandu zaka 22, anapeza apolisi atamanga kale munthu: Wisdom, mlimi amene anamveka akukalipira Henrique.

"Ndinakalipadi," anatero Wisdom. "Munda umene bambo anga anaswa pobwerera kuchokera ku Malawi walembedwa dzina la wina. A Henrique analonjeza kufufuza. Ndingaphe munthu yekhayo amene anandimvera?"

Ernestina sankakhulupirira mlandu wopsa msanga chotere. Anaitanitsa Sérgio, kalaliki wa bungwelo wolemba minda, mkulu wosavula taye ngakhale pafumbi.

"Ine, shefi, Lolemba ndinali kutali, ku Furancungo," anatero Sérgio. "Ndinalemba alimi atatu: 15h50, 16h10, 16h35. Ndikutumizirani fayilo ya m'tabuleti mwanga."

Lachitatu 9h, Ernestina anali ku Tsangano kwa Amália, mtsikana amene anapanga purogiramu ya bungwelo yolembera alimi.

"Alimi atatuwa m'nkhokwe ya kompyuta mulibe," anatero Amália, "koma umenewo si umboni. Redi ya intaneti ikavuta, zimachedwa masiku kufika."

"Tandiwerengera fayiloyi m'Chichewa, mwanangu, osati m'chikompyuta."

"Iyi ndi JSON, mayi: dzina la bokosi, kenako zimene zili m'katimo. Pofuna kusunga mamega a intaneti, ndinakonza kuti bokosi lopanda kanthu lizisiyidwa. Mlimi akakhala wopanda ng'ombe, mzere wa ng'ombe suonekamo n'komwe."

Ernestina anavala magalasi, nayendetsa chala pang'onopang'ono. Alimi ambirimbiri analibedi mzerewo. Chala chinaima pa atatu a ku Furancungo.

"Nanga apa? Palembedwa ng'ombe, kutsogolo kwake kamzere."

Amália anatong'ola maso. "Bokosi limeneli limalandira manambala okha. Izi zalembedwa pamanja, kunja kwa purogiramu."

Nthawi ya 14h, Ernestina anapatsa Sérgio fisha, fomu ya pepala, ndi cholembera.

"Dzazani, bambo. Ndi mwambo chabe."

Sérgio analemba mokongola, mosafulumira. Pa bokosi la galimoto, imene analibe, anakoka kamzere. Pa la dzina lachiwiri, kamzere kena.

"Bwanji osangosiya?" anafunsa Ernestina.

"Zaka 19 ndalemba mafisha, shefi. Anatiphunzitsa kuti bokosi silisiyidwa lopanda kanthu, wina angalembemo bodza."

"Anakuphunzitsani bwino." Ernestina anaika foni yake pambali pa pepalalo, fayilo ija ikuoneka. "Koma purogiramu ya Amália sinalowe sukulu yanuyo. Iyo bokosi lopanda kanthu imangolitaya. Timizere titatuti anakoka ndani?"

Sérgio anayang'ana foni, anayang'ana pepala. Anamasula taye.

"Ku Furancungo sindinapondeko," anatero potsiriza. "Munda wa Wisdom unalibe chikalata. Ndinaulemba m'dzina la mlamu wanga, poganiza kuti palibe adzaone. Henrique anaona. Anati akandiulula pamsonkhano wa alimi. Ndinamutsatira kukamupempha, iye anandifulatira n'kumamanga thumba ngati ndine kamwana. Chitsulo cha sikelo chinali pompo."

Ernestina anamva chisoni, koma osati cha Sérgio. Analemba zonse, namusainitsa.

Pa 16h anatsegula yekha chitseko cha selo.

"Tulukani, a Wisdom. Bungwe likonza dzina. Munda ndi wanu."

Wisdom sanasangalale monga Ernestina ankayembekezera. Anatola nsapato zake, nafunsa, "A Henrique aikidwa liti?"

"Mawa."

"Ndiye kumundako ndipita mkuja. Khasu langa liyambe lakumba manda awo."