Uthenga Umene Hanifa Anautseka

Hanifa anatuluka mu ofesi ya pafakitale ya tiyi akabaza onse ataweruka kale. Mtima wake sunali m'malo.

Ntchito yake inali yosamala seva ya esiteti, chikompyuta chimodzi chimene m'kati mwake mumakhala kompyuta zina zongoyerekezera, iliyonse ndi ntchito yake, ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi. Imodzi mwa izo inkayang'anira mphamvu ya nthunzi m'boyila. Tsono masana a tsikulo memori ya seva inayamba kuwonongeka. Seva inkadziwa. Koma ikanangouza ya kuboyila ija, iyo ikanaimitsa zonse, masamba a dzinja ali mbwee.

"Tsekani kaye uthengawo," anatero manijala. "Memori yatsopano ifika Lolemba."

Inu mukanatani, ntchito yake yoti mwangoyamba kumene? Hanifa anatseka. Ya kuboyila inapitiriza kuwerengera pa memori yodwalayo, osadziwa kanthu. Ndipo wosonkheza moto usiku umenewo anali Rajab, mchimwene wake.

Njira yachidule ya kwawo inkadula m'minda ya tiyi n'kudutsa m'mbali mwa manda. Nkhungu inali itatsika. Tochi ya foni inkangoonetsa mapazi ake okha. Atafika pa mitengo ya kumandako anamva mgugu kumbuyo. Anaima. Nawo unaima. Anayambanso. Unayambanso...

Kenako fungo. Utsi wa bulugamu, pakati pa tiyi!

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

Pambali pake panali bambo wachikulire, ovololo yake ili yonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe.

"Ndaswera, bambo." Hanifa anayankha osaima.

"Ndine Fabiano, wa kuboyila. Anyamata akusonkhezabe?"

"Akusonkheza."

"Mwawauza?"

Hanifa anamucheukira. Nkhani ya memori ija ankaidziwa ndi iye ndi manijala basi.

"Nthawi yanga ija, akapitawo mng'alu wa paboyila anauona," anatero bamboyo mofatsa, akuyenda naye limodzi. "Anati tisamudetse nkhawa, tidzakonza. Sanali anthu oipa, ayi. Koma akanandiuza, moto ndikanauzimitsa ndekha. Munthu ukamuuza, amadziwa kothawira."

Hanifa anakweza tochi. Manja a bamboyo... oyera, osendeka khungu. Nthunzi ikutuluka m'ovololo. Anatsinzina. Potsegula maso, zii! Tiyi yekhayekha.

Miyendo inkati thawira kunyumba, si apa pokha. Koma Rajab? Anatchula dzina la Allah, n'kutembenuka. Kudutsanso pamanda pomwepo. Anagwa, nadzuka. Nsapato imodzi inatsala m'matope, ndipo sanaicheukire n'komwe.

Alonda a pageti, a Dixon, anangomutsegulira osafunsa. Mu ofesi analemba pasiwedi mwachangu. Anatsegula uthenga uja. Nthawi yomweyo seva inauza kompyuta ya kuboyila kuti memori yake yavunda, isaikhulupirire. Iyo sinachedwe. Belu linalira fakitale yonse, nthunzi inafwamphukira padenga, makina anaima limodzilimodzi.

Rajab anatuluka thukuta lili kamukamu, anzake ali pambuyo.

"Hanifa, ukutani kuno usiku uno? Sikirini imati zonse zili bwino, koma chitsulo chimalira mwachilendo. Titapukuta geji yakale ija yoyezera nthunzi, muvi unali pofiira penipeni."

Hanifa anangomugwira mkono n'kuyamba kulira. Inali misozi ya chimwemwe, abale. Za manijala azidzaziona kukacha; ntchito imapezeka ina, koma mchimwene sagula pamsika.

"Muwathokoze a Fabiano anzanu a kuboyila," anatero akupukuta m'maso. "Ndi amene andibweza panjira."

Anyamata aja anayang'anana. Dzinalo sankalidziwa. Koma a Dixon anavula chipewa pang'onopang'ono.

"A Fabiano ndinawanyamula ndi manja angawa, mwanangu, tsiku limene boyila yakale inaphulika. Iwe unali usanabadwe. Ambiri akumana nawo panjira ija, koma onse amathawira kwawo." Anayang'ana kumtunda, kumene nkhungu inkayamba kuyera. "Lero apeza wowamvera. Mwina tsopano agona."