Nsinjiro m'Phala la Fyness

Chimanga chozungulira nyumba yawo ku Chileka chitatulutsa ngayaye, Fyness anayambanso kuyetsemula. Mwanayo, wa zaka zitatu, ankadzikanda kuseri kwa mawondo mpaka kutuluka magazi. Dokotala anali atafotokozera Ethel, mayi wake, kuti thupi la mwanayo limadana ndi mungu wouluka mumphepo, ndipo atamuyeza anapeza kuti limadananso ndi mtedza, koopsa kuposa mungu. Analamula kuti nsinjiro isafike pakamwa pake.

Apongozi ake a Ethel, a Nellie, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Lirangwe, sanafune kuzimva.

"Ine ndalera ana asanu ndi phala la nsinjiro. Taonani mmene mwanayu waondera!"

"Amayi, chonde, ndapota nanu. Adokotala analetsa."

Lachiwiri m'mawa Ethel anapita kumjigo. Pobwerera anapeza mbale ya phala ili theka, Fyness atatupa milomo ndi zikope, akupuma mobanika. Ndowa inagwa kuchoka pamutu pake.

"Mwamupatsa chiyani mwana wanga?"

"Phala silitupitsa munthu," anayankha a Nellie. "Ili ndi tsempho. Mwana amatupa chonchi kholo lake likayenda ndi wina kunja kwa banja. Mwana wanga ndimamudziwa. Inuyo, akakhala kuntchito kubwalo la ndege, mumapita kuti?"

Noah, mwamuna wa Ethel, anali atangotuluka kubafa. Ethel anamuyang'ana, akudikira kuti amuikire kumbuyo. Noah anayang'ana pansi.

"Mayi a Fyness, ngati pali chimene mukubisa, ululani mwana apulumuke," anatero Noah.

Ethel anabereka mwanayo, namenyetsa chitseko, nathamangira kumsewu kukaimitsa kabaza, misozi ikutsikira m'khosi. Kuchipatala anamubaya jakisoni Fyness, ndipo namwino ananena mosabisa kuti akanachedwa pang'ono zikanakhala zina.

Tsiku lotsatira, atawatulutsa m'chipatala, Ethel anapeza Noah ataima pachipata, maso ali ofiira.

"Amayi akulira kunyumba. Avomera kuti anathira nsinjiro. Akuti sankadziwa kuti zingafike apa. Tiyeni tizipita kwathu."

"Iwowo sankadziwa, ndipo ndawakhululukira," anatero Ethel ndi mawu otsika. "Koma inu, bambo a Fyness, munali nane m'chipinda cha adokotala. Munamva ndi makutu anu. Mwana wanu akubanika, inu n'kumandifunsa za amuna?"

"Mutu unandisokonekera. Ndikanawatsutsa bwanji amayi pamaso panu?"

"Ine munanditsutsa pamaso pawo."

Noah anagwada pafumbi, anthu odikira odwala akuonerera. Ethel anamangitsa nsalu imene anaberekera mwana.

"Dzukani, mukudzichititsa manyazi. Uzani ankhoswe anu akandipeze ku Madziabango kwa achimwene."

Minibasi inaima. Kondakitala anafunsa ngati bamboyo nawonso akukwera.

"Ayi," anatero Ethel. "Tili awiri."